Kulima shungiku pakhomo ku Salima: kuchokera pa njere kufika mumphika

Amene akufuna kulima shungiku kuno ku Salima ayambe wawerenga miyezi asanagwire khasu. Ndiwo yamasamba yachilendo imeneyi imakonda kuzizira, ndipo ife a m'mphepete mwa nyanja kuzizirako timakhala nako kwa nthawi yochepa: kuyambira kumapeto kwa Epulo mvula ikasiya, kufika mu Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti. Mukafesa mu Seputembala kapena Okutobala, dzuwa litayamba kuswa mtengo, mudzathirira, mudzathira manyowa, koma mbewuyo idzangothamangira kuchita maluwa isanakupatseni masamba okwana mphika umodzi. Zina zonse zimene ndilembe pansipa ndi zosavuta kwa munthu amene analimapo mpiru kapena repu. Chovuta ndi nthawi yokhayo.

Mbewuyi kwawo kwenikweni ndi kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, kumene imamera yokha m'mbali mwa misewu, koma amene anaitenga kukhala ndiwo ya tsiku ndi tsiku ndi anthu a ku China, Japan ndi Korea. Ili m'banja limodzi ndi chisoso, mwamunaaligone, letesi ndi mpendadzuwa. Amene munazolowera chisoso simudzadabwa nayo kwambiri: ili ndi kafungo kamphamvu kofananako, kowawira pang'ono, kungoti masamba ake ndi onenepa ndi ofewa. Ili ndi vitamini A wambiri monga ndiwo zina zamasamba obiriwira kwambiri. Ikasiyidwa ikule imatalika pafupifupi mita imodzi n'kuchita maluwa achikasu, ena achikasu pakati koma oyera m'mbali.

Njere

Njere zake sizipezeka m'sitolo iliyonse ya zipangizo zaulimi. Mufunse kwa ogulitsa mbewu zamasamba ku Lilongwe, kwa anthu amene amalima ndiwo za ku Asia, kapena muitanitse pa intaneti ngati muli ndi njira. Pa paketi pamatha kulembedwa mayina osiyanasiyana: shungiku, tong ho, ssukgat, garland chrysanthemum kapena chop suey greens. Kuti musalakwitse, yang'anani dzina la sayansi, Glebionis coronaria. Mapaketi ena amalembabe dzina lakale, Chrysanthemum coronarium, limene katswiri wa zomera wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anaipatsa mu 1753. Zonsezi ndi mbewu imodzi.

Apa ndichenjeze mwamphamvu. Maluwa a chrysanthemum amene amagulitsidwa okongoletsera pakhomo, paukwati kapena pamaliro si amenewa ayi. Ndi mtundu wina, ndipo kawirikawiri amakhala opoperedwa mankhwala amene sayenera kulowa m'kamwa. Musathyole masamba a duwa lililonse lofanana nalo n'kuphika. Idyani chokhacho chimene mwafesa nokha kuchokera pa paketi yolembedwa bwino.

Pali mitundu iwiri imene mungakumane nayo. Wina uli ndi masamba aakulu, otambalala, onenepa, osadukaduka kwambiri m'mbali. Umenewu sukhala wowawa kwenikweni. Wina masamba ake ndi ang'onoang'ono, odukaduka kwambiri, ndipo fungo lake ndi lamphamvu. Pali inanso yapakatikati. Ngati m'banja mwanu muli ana amene amakana ndiwo zowawa, yambani ndi wa masamba aakulu.

Malo ndi bedi

Sankhani malo amene dzuwa la m'mawa limafika bwino koma masana pamagwa mthunzi wopepuka. Kum'mawa kwa nyumba, kapena kum'mawa kwa mtengo wa mango kapena wa nimu, patali ndithu ndi tsinde kuti mizu ya mtengo isalande chinyezi, ndi pabwino. Mabuku olembedwa kumaiko ozizira amanena kuti muidzale poyera, padzuwa tsiku lonse. Kuno kwathu ngakhale mu Juni dzuwa la masana limatentha ndithu, choncho kamthunzi ka masana kamatalikitsa nthawi yanu yothyola. Koma pasakhale mumthunzi wa tsiku lonse, chifukwa mbande zimaonda n'kumangotalika.

Kenaka muganizire za mwera. Mphepo imeneyi imawomba kuchokera kumwera cha kum'mawa m'miyezi yomweyi imene tikulimayi, ndipo amene amakhala cha ku Senga Bay kapena ku Chipoka akudziwa mmene imaumitsira nthaka. Bedi lothiriridwa m'mawa limapezeka louma gwa pofika masana. Mangani kampanda ka udzu, ka bango kapena ka mapesi mbali imene mphepo imachokera. Mpandawo uzungulire ndithu ngati pakhomo pali nkhuku ndi mbuzi, chifukwa miyezi imeneyi ziweto zimakhala zomasulidwa ndipo chobiriwira chilichonse zimachilondola.

Bedi likhale mita imodzi m'lifupi kuti muzifikira pakati osaponda. M'litali zili kwa inu, koma kwa banja limodzi mamita awiri kapena atatu akukwana poyamba. Gaulani kuzama ngati masentimita 20, phwanyani zibuma zonse, tolani miyala ndi mizu ya udzu.

Nthaka ya ku Salima siyofanana. Kufupi ndi nyanja ndi mchenga, umene madzi amangodutsa. M'madambo ndi m'madimba a m'mbali mwa mitsinje ngati Linthipe mumapezeka makande, amene amasunga madzi koma akauma amalimba n'kung'ambika. Kuwirikonse mankhwala ake ndi manyowa owola bwino. Pa mchenga thirani pafupifupi ndowa imodzi ya malita 20 pa malo a mita imodzi mbali zonse, ndipo bedi lake likhale lolowa pansi pang'ono, lokhala ndi kamkhawa m'mbali, kuti madzi asathawe. Pa makande theka la ndowa likukwana, ndipo bedi likhale lokwera kuti mizu isakhale m'madzi. Manyowa a mbuzi kapena a ng'ombe ndi abwino ngati anawola mpaka kuda n'kusiya kununkha. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mbande, musayerekeze. Mbewuyi siikondwa ndi nthaka ya asidi wambiri, ndiye phulusa la nkhuni lodzaza manja awiri pa bedi lonse limathandiza, musapyole apo. Sakanizani zonse ndi dothi, salazani pamwamba, thirirani, ndipo mulisiye bedilo masiku angapo. Udzu umene umere m'masiku amenewa muuzule musanafese.

Amene mulibe malo, kapena mukuchita lendi m'tauni cha ku Kamuzu Road, musadandaule. Beseni lakale loboola pansi, ndowa yothyoka kapena thumba la feteleza lopinda pakati zikugwira ntchito, bola dothi lizame masentimita 15 kapena 20. Ubwino wake mukhoza kunyamula n'kukaika pamthunzi dzuwa likakula.

Kufesa

Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira njere, ndiye tiyeni tichedwepo.

Njere za shungiku ndi zazing'ono, zofiirira, zokhala ndi timizere, ndipo mwachibadwa sizimera zonse. Ngakhale pa paketi yatsopano musadabwe kuona kuti zambiri ndithu zatsalira. Choncho pofesa musaumire; mudzapatulira pambuyo. Kuviika njere m'madzi usiku umodzi kumathandiza kuti zimere msanga. M'mawa mwake tsanulani madziwo, yanikani njerezo pa kansalu kanthawi kochepa kuti zisamamatirane, ndipo muzisakanize ndi mchenga wouma wodzaza dzanja kuti zimwazike mofanana.

Fesani pa bedi pomwepo pamene zidzakulire. Kuwokera n'kotheka, koma kuno kotentha mbande yozulidwa imafooka, ndipo mbewu imene yavutika ili yaing'ono imafulumira kuchita maluwa. Thirirani bedi musanafese. Ndi kamtengo lembani timizere topingasa bedi, totalikirana masentimita 15 mpaka 20, tosazama kupitirira theka la sentimita. Wazani njere m'timizeremo, pafupifupi njere imodzi pa sentimita iliyonse.

Kukwirira ndiye nkhani yaikulu. Njere zimenezi zimamera bwino zikamalandira kuwala pang'ono, ndiye mukazikwirira ngati chimanga sizituluka. Dothi lapamwamba likhale lochepa ngati mmene mumawazira mchere mu ndiwo, lokwanira kungobisa njere. Dothi losefa losakaniza ndi manyowa osalala ndi labwino koposa. Kenaka tsinderani ndi chikhatho kuti njere zigwirane ndi nthaka yonyowa.

Popeza njere zili pamwamba chotere, zimauma msanga. Yalani udzu wouma wopanda njere pamwamba pa bedi, mopyapyala kuti kuwala kuzidutsa, ndipo muzithirira pamwamba pa udzuwo ndi keni yokhala ndi chisefa kukamwa. Ngati mulibe keni, boolani chitini kapena chivindikiro cha botolo ndi msomali waung'ono. Kukhuthula madzi ndi ndowa kumakokolola njere zonse n'kuziunjika pakona imodzi. Fesani madzulo, dzuwa litapendeka, kuti njere ziyambe ndi usiku wozizira. Zimamera bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 15 ndi 20, ndipo kuno timafika pamenepo usiku ndi m'mawa m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi.

Thirirani m'mawa ndi madzulo, ndipo pa mchenga, tsiku la mwera wamphamvu, onjezerani kamodzi masana. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mudzaona timasamba tiwiri tating'ono tikutuluka. Tsiku lomwelo chotsani udzu uja pamwamba pa mizere n'kuukankhira pakati pa mizere kuti upitirize kusunga chinyezi. Mukachedwa kuchotsa, mbande zimatalika zoyezuka n'kugwa.

Langizo langa ndi lakuti musafese paketi yonse tsiku limodzi. Gawani bedi patatu: fesani gawo loyamba, pakatha masabata awiri kapena atatu lachiwiri, kenaka lachitatu. Mukatero ndiwo sizikuchulukirani nthawi imodzi, ndipo ngati ulendo woyamba kunali kusanazizire bwino, wachiwiri udzakupulumutsani. Kufesa komaliza kusapyole pakati pa Julayi.

Kupatulira ndi kusamalira

Mbande zikatulutsa masamba enieni awiri kapena atatu, aja odukaduka m'mbali, patulirani koyamba kuti zitalikirane ngati zala zitatu. Zikafika masamba asanu kapena asanu ndi limodzi patuliraninso mpaka pakhale masentimita 10 kapena 15 pakati pa mbewu ndi inzake. Zimene mwazula ulendo wachiwiriwu musataye. Ndi zofewa kuposa zonse zimene mudzathyole, ndipo zimadyeka ngakhale zosaphika mukazitsuka bwino ndi madzi aukhondo. Ndikudziwa kuti kuzula mbande zathanzi kumapweteka mtima, makamaka njere zitavuta kupeza. Koma zothinana zimalimbirana madzi, mphepo siidutsa, ndipo matenda a chuku amayambira pomwepo.

Mizu yake siipita pansi kwambiri, choncho udzu muzizula ndi manja, khasu likhale patali. Nthaka isaume mpaka mbewu kufota. Kufota kamodzi kapena kawiri kukukwana kuiuza mbewuyo kuti nthawi yatha, ndipo imayamba kutulutsa nsonga ya maluwa, masamba n'kuwawa. Pisani chala m'nthaka: mukamva chinyezi, dikirani, mukamva kuuma, thirirani. Mbewu zikakula thirirani pansi, osati pamasamba, makamaka madzulo. Ngati mjigo wa kwanu umatulutsa madzi omveka mchere, funani madzi ena a bedi limeneli.

Bedi lothiridwa manyowa okwanira silifuna feteleza poyamba. Mukayamba kuthyola, mbewu imafuna chakudya choti iphukirenso. Ikani manyowa owola m'thumba, liviikeni mu ndowa ya madzi kwa sabata imodzi, kenaka sungunulani madziwo ndi madzi ena mpaka aoneke ofiirira mopepuka, ndipo thirirani m'mizere kamodzi pa masabata awiri. Amene muli ndi yureya kapena CAN mukhoza kuthira pang'ono kwambiri pakati pa mizere n'kuthirira nthawi yomweyo, koma mukachulutsa, masamba amafewetsa n'kuitana nsabwe.

Kafungo kake kamathandiza kuti tizilombo tisachuluke ngati pa repu kapena kabichi, komabe tilipo. Nsabwe za m'masamba zimaunjikana kunsonga. Zitsukeni ndi madzi, kapena poperani madzi a masamba a nimu osinja amene agona usiku umodzi, mutasefa n'kuikamo sopo pang'ono. Nimu kuno sasowa. Poperani madzulo ndipo dikirani masiku angapo musanathyole, chifukwa nimu amawawa. Mukaona timizere toyera tokhotakhota mkati mwa tsamba, mwalowa kamphutsi kamene kamadya tsamba cham'kati. Thyolani masamba oterowo mukawatenthe. Mbande zikamapezeka zodulidwa m'mawa, fukulani pafupi ndi tsinde, mupeza mbozi yobisala, kapena yang'anani una wa nkhululu. Mankhwala ogula a tizilombo ine sindikulimbikitsa pa ndiwo yothyola sabata ndi sabata ngati imeneyi.

Kuthyola

Pakatha masiku 30 mpaka 45 chifesereni, mbewu zimakhala zitafika masentimita 20 kapena kupitirirapo pang'ono. Pali njira ziwiri. Mukhoza kuzula yonse ndi mizu, monga amachitira ogulitsa pamsika, koma pakhomo kumeneko n'kudzimana. Njira yabwino ndi kudula nsonga. Werengani masamba anayi kapena asanu kuchokera pansi, ndipo dulani thunthu pamwamba pake ndi mpeni wakuthwa kapena ndi zikhadabo. M'khwapa mwa tsamba lililonse lotsalalo mudzatuluka mphukira. Mphukirazo zikatalika ngati chikhatho, dulaninso, kusiya masamba awiri pa iliyonse kuti pamenepo patulukenso zina. Mbewu imodzi imathyoledwa kangapo motere, ndipo kudula pafupipafupi kumachedwetsa maluwa.

Thyolani m'mawa kusanatenthe. Masamba ake amafota msanga, ndiye muthyole zophika tsiku lomwelo. Zotsala zikulungeni m'kansalu konyowa pamalo ozizira. Mukaona kamutu kozungulira kunsonga, limenelo ndi duwa likubwera: dulani msanga pamodzi ndi nsonga yake. Kutentha kukayamba mu Ogasiti ndi Seputembala simungathenso kuletsa, mbewu zonse zimapita ku maluwa. Timasamba ta duwalo timadyeka, mukhoza kutiwaza pa saladi, koma pakati pa duwa m'powawa. Anthu ena khungu lawo limayabwa akagwira zomera za m'banja limeneli. Ngati mumatero ndi chisoso kapena mpendadzuwa, samalani, ndipo polawa koyamba idyani pang'ono.

Kuphika

Amayi ndi abambo amene mumaphika, apa ndipemphe kuti musiye kaye chizolowezi chathu chophika ndiwo zamasamba mpaka zitafeweratu. Shungiku ikakhalitsa pamoto imawawa kwambiri ndipo fungo lake labwino limathawa. Soda kapena chidulo musaikemo n'komwe. Mphindi imodzi kapena ziwiri zikukwana.

Ku Korea amaiika pamwamba pa msuzi wa nsomba wa tsabola pamene mphika ukuphulidwa, ndipo ife amene tili ndi nyanja pakhomo njira imeneyi ndi yathu kale. Phikani chambo, kampango kapena mlamba ndi tomato ndi anyezi monga mwa masiku onse. Nsomba ikapsa, ikani nsonga za shungiku pamwamba, vindikirani kamphindi, phulani. Kafungo kake kamachepetsa fungo la nsomba ndipo msuzi umakoma ndi nsima. Ku Japan amaifwafwaza m'madzi owira kwa kanthawi kochepa, n'kuiviika m'madzi ozizira, kuifinya, ndi kuisakaniza ndi chitowe chokazinga chosinja. Ndi nsinjiro zimathekanso, koma yambani mwaphika nsinjirozo ndi tomato mpaka zipse, masamba abwere pomaliza. Kwa amene akulawa koyamba, sakanizani dzanja limodzi la shungiku ndi chainizi kapena bonongwe kuti kafungoko kasawadzidzimutse.

Kusunga njere za chaka chamawa

Popeza njere zimavuta kupeza, gawo ili musalidumphe. Pa kufesa koyamba sankhani mbewu zisanu kapena kuposerapo zamphamvu, makamaka zimene zachedwa kuchita maluwa, ndipo muzimange kansanza kuti wina asazithyole. Musasunge njere za mbewu imene inathamangira maluwa, chifukwa ana ake adzatengera khalidwe lomwelo, pamene kuno tikufuna yopirira kutentha. Mbewu zosungira njerezo zikhale zingapo chifukwa njuchi ndi tizilombo tina ndi timene timanyamula mungu kuchoka pa duwa lina kupita pa lina. Pitirizani kuzithirira, ndipo zikatalika zimangirireni ku kamtengo kuti mphepo isazigwetse.

Timasamba ta duwa tikayoyoka, mutu wake umauma n'kusanduka wofiirira. Dulani mitu youmayo isanayambe kumwaza yokha, iyanikeni pa lichero pamthunzi kwa sabata imodzi, ifikiseni m'manja, ndipo petani mosamala chifukwa njerezo ndi zopepuka. Mitu imene simukuifuna muidule isanakhwime. Mbewuyi imadzifesa yokha, ndipo kumadera ena monga ku California m'dziko la America inathawa m'minda n'kusanduka udzu wovutitsa, choncho isatuluke kunja kwa mpanda wanu.

Njere zongokolola kumene zimagona kaye miyezi iwiri kapena itatu zisanayambe kumera bwino, ndiye musaziyese pompopompo n'kuganiza kuti ndi zakufa. Ziikeni mu envulopu yapepala, lembanipo mwezi ndi chaka, ndipo envulopuyo ilowe m'botolo lotseka bwino lokhala ndi phulusa louma pang'ono pansi kuti lizikoka chinyezi. Botololo likhale pamalo ozizira m'nyumba, kutali ndi denga lamalata ndi kukhitchini, chifukwa kutentha kwa Okutobala ndi chinyezi cha dzinja ndi zimene zimapha njere kuno. Chakumayambiriro kwa Epulo tengani njere 20, ziikeni pa kansalu konyowa m'mbale pamalo ozizira, ndipo muwerenge zimene zamera pakatha masabata awiri. Zikamera theka kapena kuposa, fesani monga mwa nthawi zonse. Zikachepera apo, fesani mothithikana kwambiri kapena funani njere zina kudakali nthawi.